Jumbo Ayi, Zikomo

Chino n'chaka chachinayi ndili m'kachipinda aka,
pansanjika yachiwiri, kuseri kwa siteshoni ya ku Kofu.
Makatani ndinatseka tsiku lomwe ndinabwerako
kokafunsidwa mafunso a ntchito.
Tayi ya tsikulo ikadali pamsomali,
mfundo yake sindinamasule,
fumbi lamangapo mudzi.

Nthawi ndimaiwerenga ndi makutu.
Sitima yoyamba ikanjenjemeretsa zenera, ndikagone.
Akhwangwala akamang'amba majumbo a zinyalala, ndiye kuti n'Lachiwiri.
Nyenje zikayamba phokoso lawo
ndimadziwa kuti chaka china chadutsa pakhomo
osandipeza.

Mayi amabwera Loweruka pabasi.
Sagogoda.
Amakoleka kaphukusi pachogwirira chitseko:
mpunga wokulunga m'ndere za m'nyanja, nsomba yamchere,
ndi kapepala kopinda kanayi.
Ka sabata yatha kanangoti,
"Norifumi, mapichesi apsa."
Pansi pa chitseko ndimaona mithunzi iwiri ya mapazi awo,
ine mpweya gwiru,
ngati mbala m'nyumba mwanga momwe.

Pakompyuta pali katuni ya mnyamata wobindikira ngati ine.
Anamujambula maso aakulu, tsitsi nyankhalala.
Akaterereka pamulu wa zitini kanyimbo kamalira,
ndipo ndimaseka, zoonadi ndimaseka,
mpaka wa chipinda chinacho amenye khoma.
Kwa iyeyo gawo lililonse kumabwera mlendo.
Kwa ine anabwerapo ndi woyeza gasi.
Ndinabisala m'bafa mphindi makumi anayi
nditakumbatira botolo la sopo.

Ndiye khofi anatha.

Masiku atatu ndinayeserera pagalasi
mawu atatu okha: jumbo ayi, zikomo.
Motsitsa. Mokweza. Ndi kumwetulira,
koma kumwetulirako kunandiopsa ndemwe, ndinakusiya.
Liwu langa linali ngati chitseko cha kabati yakale.

Fili koloko usiku ndinatsika.
Masitepe alipo khumi ndi anayi, mawondo anali ataiwala.
Kunja kunkanunkha phula lonyowa.
Makina ogulitsa zakumwa ankang'ung'udza okha pakona,
ndinawawerama pang'ono podutsa,
poti ndani akudziwa.

M'sitolo yosatseka ija mumawala ngati m'chipatala.
Pakauntala panali bambo waimvi,
kabaji pachifuwa: Kuwabara.
Anatenga khofi, makina anati pii,
anafunsa osandiyang'ana, "Jumbo?"

Ndinatsegula pakamwa.
Mawu anga atatu aja anathawira kumimba,
ndipo chomwe chinatuluka, momveka bwino,
mokweza kuposa wailesi ya m'sitolomo, n'chakuti:
"Mapichesi apsa."

Zii.
Firiji yokha kulira.
Ndinalakalaka chivomezi, chaching'ono chabe,
choti pansi pang'ambike pondikwana ine.

Bamboyo anadzutsa mutu, nandiyang'ana
monga muyang'anira munthu wamba.
"Apsadi," anatero. "Koma a chaka chino ngaang'ono.
Mvula inachedwa."
Khofi uja anamuika m'jumbo.
Ndinalipira mayeni atatu a jumbo yomwe sindinkaifuna,
ndinanena zikomo kawiri, mwina katatu.

Ndili pasitepe yachisanu ndi chinayi m'pamene ndinaona
kuti phazi lina lavala nsapato,
lina patapata wa kubafa.
Ndinakhala pomwepo n'kuseka, popanda kanyimbo,
kenaka chinasanduka china chake chosakhala kuseka,
mpaka sitima yoyamba inadutsa
ndili kunja.

Musaganize kuti ndachira.
Makatani akadali otseka,
ndipo khofi ameneyu ndikumumwa pang'onopang'ono
kuti asathe msanga.
Jumbo ija ndaikoleka pamsomali, pamwamba pa tayi.

Dzulo linali Loweruka.
Mithunzi iwiri inafika pansi pa chitseko,
kaphukusi kanachita phokoso pachogwirira.
Sindinatsegule.
Ndinangotsokomola, kamodzi, mwadala,
ndipo mapazi aja
anaima pomwepo nthawi yaitali
mpaka basi yawo inawasiya.